Chiswe chatha mawu a akuluakulu a ku Khulubvi

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu, chifukwa zimene ndinaona Lachinayi lapitali zikundisowetsa tulo mpaka lero. Mdzukulu wanga anapatsidwa ntchito kukoleji yolemba za kachisi wa ku Khulubvi wa Mbona, uja Amang'anja amapemphako mvula. Ine monga mwana wa ku Nsanje ndinamuuza kuti asavutike, tipitire limodzi kulaibulale ina komwe ndinkawerenga ndili mphunzitsi, tikabwereke mabuku a Bambo Matthew Schoffeleers. Pashelefu panalibe. Titaumirira, mnyamata wogwira ntchito pamenepo anatitsegulira kachipinda kakuseri kodontha denga, ndipo m'katoni yonyowa, pansi pa matsache ndi mipando yothyoka, tinapeza buku la River of Blood chiswe chitalidya kuyambira pakati mpaka kumapeto. Mnyamatayo anangoti, "Agogo, amenewa ndi mabuku akale a azungu, palibe amawafuna."

Mawu amenewo ndi amene anandipweteka kuposa chiswecho. Mbali yakumapeto ya bukulo, yomwe yadyedwayo, ndi mmene muli nkhani za Mbona monga anazisimbira akuluakulu a Chimang'anja ndi pakamwa pawo, zolembedwa m'chilankhulo chawo chomwe, Chingerezi chili chongomasulira. Akuluakulu amenewo anatisiya kalekale. Tikawafunsa kuti? Buku lotere munthu n'kuliunjika pamodzi ndi matsache, n'kumalandira malipiro mwezi ndi mwezi m'dzina losamala mabuku?

Achinyamata amene dzinali sakulidziwa amve. Schoffeleers anabadwira ku Netherlands mu 1928, anali wansembe wa chipani cha Montfort, ndipo anafika m'dziko muno mu 1955, kukadali Nyasaland. Anamutumiza kuchigwa cha Shire, kotentha kuja kumene ambiri lero amakana akauzidwa kuti akagwireko ntchito. Panthawi imeneyo amishoni ambiri ankaona gule wamkulu ndi nsembe za mvula ngati zachikunja zoyenera kuthetsedwa. Iye anakhala pansi, anaphunzira chilankhulo, n'kuyamba kufunsa eniake kuti zimenezi zimatanthauzanji. Za Khulubvi, za dziwe la Ndione komwe amati magazi a Mbona anakhetsedwa, za Salima mkazi wa Mbona, za ufumu wa Lundu, mfumu yaikulu ya Amang'anja, anazitenga n'kupita nazo ku yunivesite ya Oxford, komwe analandira digiri ya udokotala mu 1968. Kuyambira 1971 mpaka 1976 anaphunzitsa ku Chancellor College, kenako anakakhala pulofesa ku Amsterdam ndi ku Utrecht, koma cholembera chake sichinachoke ku Malawi.

River of Blood inatuluka mu 1992. Mmenemo anafotokoza kuti nkhani ya kuphedwa kwa Mbona si nthano ya padangokhala ayi, koma ikusunga chikumbutso cha nkhondo ndi nkhanza za m'zaka za m'ma 1600, pamene Lundu ankakulitsa ufumu wake kuchigwako. Alipo akatswiri anzake amene anatsutsana naye pa mfundo zina, ndipo ndi mmene maphunziro amayendera. Koma mdzukulu wanga atsutsana naye bwanji, kapena kuvomerezana naye, masamba ake ali m'mimba mwa chiswe? Munthu yemweyu ndi amene anasonkhanitsa buku la Guardians of the Land mu 1979, lonena za akachisi a mvula m'chigawo chino cha Africa, ndipo analembanso In Search of Truth and Justice, lofotokoza kulimbana kwa mpingo ndi boma kuyambira 1960 mpaka 1994, kuphatikizapo kalata ya maepiskopi ya mu 1992 imene tonse achikulire timakumbukira tsiku lomwe inawerengedwa m'matchalitchi. Anamwalira mu 2011. Ndimafunsa mumtima kuti m'makatoni ena amene sitinatsegule aja muli mabuku angati otere.

Ndipo vuto si la laibulale imodzi yokhayi. Timakonda kuvala zikopa ndi mikanda tsiku la chikondwerero cha chikhalidwe, atolankhani ajambule, akuluakulu alankhule kuti chikhalidwe ndi chuma chathu, kenako aliyense akwere galimoto yake. Zolembedwa zokha, zimene zingaphunzitse mwana chiyambi cha miyambo imeneyo, palibe amazilabadira. Mwana wa ku Nsanje amene anakulira pafupi ndi nkhalango ya Khulubvi akafuna kudziwa mbiri ya kwawo amayamba wagula bandulo n'kumasakasaka pa intaneti, n'kupeza kuti bukulo likugulitsidwa kunja pa mtengo wa madola umene bambo ake sangaupeze ngakhale atagulitsa mbuzi. Chikhalirecho mawu ali m'bukumo ndi a agogo ake. Madzi osefukira atikokolera zambiri kuchigwa kuno, za namondwe Freddy wa mu 2023 sindikufunanso kuzikumbutsa. Madziwo sitingawaletse, koma denga lodontha limafuna lata limodzi ndi misomali basi.

Khulubvi ali pa mndandanda wa malo amene dziko lino linapereka ku UNESCO kuti aganiziridwe kukhala chuma cha dziko lonse lapansi. Alendo a ku UNESCO akabwera n'kutifunsa umboni wa mbiri yake, tidzawatsegulira kachipinda kaja?

Ndikupempha a unduna wa zamaphunziro ndi a unduna woona za chikhalidwe kuti atume anthu ayendere malaibulale onse, atsegule zipinda zakuseri, aone zimene zikuwola mmenemo. Ndikupemphanso aphunzitsi a mbiri m'mayunivesite athu, ena mwa iwo anaphunzitsidwa ndi ophunzira a Schoffeleers, kuti akambirane ndi eni chilolezo cha mabukuwa, asindikizidwenso motsika mtengo, ndipo nkhani za Chimang'anja zija zituluke m'kabuku kapadera koti mwana wa sekondale agule. Akuluakulu a mpingo wa Katolika nawonso asakhale chete, ameneyu anali wansembe wawo.

Katoni ija ndinamupempha mnyamatayo kuti aichotse pansi, aiike patebulo. Anavomera ndi mutu wokha, ndipo mvula yoyamba ili pafupi.

Mphunzitsi wopuma,
Nsanje