Kalata kwa mkulu wa zaumoyo m'boma lathu: bala linapola, nanga mkonowu?

Bwana,

Ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno kuchigwa cha Shire, ndipo ndikukulemberani ndi dzanja limene chaka chathachi silinkafika pamwamba pa bolodi. Ana anga a Sitandade 4 anazolowera kuona deti litalembedwa pakatikati pa bolodi, mpaka kamtsikana kena kanandifunsa ngati ndafupika. Kunena zoona, anandichotsa bere lakumanja chifukwa cha khansa, pamodzi ndi anabele a m'khwapa, kenako phewa linauma gwa.

Madokotala amene anandichita opaleshoni kumtunda kuja sinditopa kuwathokoza, chifukwa lero ndili moyo. Koma tsiku londitulutsa wodi inali yodzaza, anamwino akuthamangira uku ndi uku. Ndinapatsidwa mankhwala opha ululu, tsiku lodzachotsa ulusi, ndi tsiku lodzayamba mankhwala a khansa a m'diripi. Za mkono ndinangomva kuti, "Muziugwedezagwedeza, mayi." Kangati, mpaka pati, kuyambira liti, ndinalibe mtima wofunsa. Ndinatsika mapiri aja pa minibasi nditaukumbatira mkonowo ngati khanda, ndipo pofika pa Thabwa ndinali nditalumbira kale kuti sindiugwedeza mpaka ululu utatha.

Kunyumba ndinapeza madokotala ena awiri. Amayi anga aang'ono anatenga chitenje n'kundimangira mkono pachifuwa, amvekere ukasuntha ulusi uduka. Patatha masabata atatu apongozi anabwera kudzazonda, anayang'ana bala n'kuona kuti lauma, basi anagamula kuti matenda atha, mtondo ukundidikira. Onsewa amandikonda ndipo onsewa analakwitsa. Ine ndinamvera woyambayo kwa miyezi iwiri, ndiye phewa linazolowera kukhala. Kumanga duku kunkafuna wondithandiza. Kuyanika zovala pachingwe, kupesa kumbuyo kwa mutu, kudzikhula kumsana posamba, zonse zinasanduka zopempha. Ndikati nditambasule mkono, kuyambira m'khwapa kutsikira kuchigongono kunkatuluka ngati kachingwe kokungika pansi pa khungu.

Amene anandimasula ndi mwana wa achemwali anga, wophunzira za unamwino, atabwera pa holide. Ataona chitenje chija anagwira pakamwa. Zimene anandiphunzitsa pakhonde masana amodzi ndi zimene zandichititsa kulemba kalatayi, chifukwa n'zochepa, n'zosafuna ndalama, koma zinandipeza mochedwa ndi miyezi iwiri.

Mafizo a mkono, ndiye kuti masewera oumasula ndi kuulimbitsa, amayamba tsiku lotsatira la opaleshoni, pokhapokha dokotala ataletsa. Poyamba ndi tating'ono: kufumbata ndi kufumbatula, kupinda chigongono, kukweza mapewa n'kuwazunguza, kupuma mokoka mpweya, ndi kuyenda pang'ono. Sabata yoyamba, makamaka kapaipi kotulutsa madzi pabala kakadalipo, mkono supitirira msinkhu wa phewa. Pambuyo pake ndiye umayamba kukwera: kuima moyang'ana khoma, zala n'kumakwawa ngati kangaude kupita m'mwamba, kuima pamene payamba kukoka, kupuma, kutsika. Kapena kugona chagada pamphasa, kugwira ndodo ndi manja awiri, dzanja labwino n'kumaperekeza linzakelo kumutu. Katatu pa tsiku. Kumva kukoka n'kwabwino, koma ululu wobaya ndiye kuti wapitiriza. Ngakhale kachingwe kanga kaja si ufiti ayi, n'chinthu chodziwika kwa anthu ochotsedwa anabele, ndipo kamamasuka ndi kutambasula komweku. Ine ndinkalemba mzere ndi khala pakhoma la kuchipinda, pamene zala zafika Loweruka lililonse. Mizere yoyambirira inathinana moti ndinkalira. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Bwana, si nkhani ya m'maluwa. Mu 2021 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa ku Britain wa amayi 392 ochitidwa opaleshoni ya khansa ya m'mawere. Amene anayamba mafizo otsogoleredwa ndi katswiri patangotha masiku 7 mpaka 10, chaka chitatha mikono yawo inkagwira bwino ntchito kusiyana ndi ya anzawo amene anangopatsidwa kapepala, ululu unali wochepa, ndipo mabala awo sanavute kuposa a enawo. Komanso mayi amene madokotala amulembera radiotherapy, chithandizo chowotcha khansa ndi cheza cha makina, amafunika kugona pamakina mkono uli pamwamba pa mutu. Phewa louma lingathe kumuchedwetsa chithandizo chenichenicho cha khansa.

Tsono vuto lili apa. Mwana wa achemwali uja anandionetsa pafoni timapepala ta malangizo tochokera kunja. Tili bwino, koma tinalembedwera mayi wina, osati wa kwa Ngabu kapena wa ku Makhanga. Amati musanyamule zikwama zolemera za kusitolo, musakankhe makina osesera m'nyumba, ndipo bala likapola muzikasambira. Tinaseka mpaka misozi. Kukasambira kuti, mu Shire? Ng'ona zingathokoze kwambiri.

Mayi wa kuno funso lake ndi lina. Chidebe cha malita 20 n'cholemera makilogalamu 20, ndipo kuti chifike pankhata, manja onse awiri ayenera kuchikweza kupitirira mutu, kumene kuli kuyenda kwa mkono kovuta kuposa kwina konse kwa munthu wochekedwa m'khwapa. Asanachitwike n'komwe, wapopa kale mjigo. Musi posinja mapira umakwera ndi kutsika kambirimbiri. Khasu kudimba, thumba la thonje, mtolo wa nkhuni, mwana woponyera kumbuyo, ndipo kwa anzathu a m'mbali mwa Dambo la Ndindi ndi Elephant Marsh, nkhafi ndi kuzula nyika m'madzi. Malangizo amati masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi oyambirira munthu asanyamule zolemera, kenako azionjezera pang'onopang'ono. Ndani anamasulirapo zimenezi m'zidebe ndi m'misi? Ine ndinadzipangira ndekha: kuyamba ndi jagi, kenako kachigubu ka malita 5, kenako chidebe chatheka wina atanditwika. Kupeta ndi lichero kunayamba msanga, kusinja kunabwera pamapeto penipeni. Koma mayi wodwala sayenera kumalota yekha zinthu zotere.

Chimene chimandiopsa kwambiri ndi kutupa kwa mkono. Anabele aja ndi amene amasefa ndi kubweza madzi a m'thupi, ndiye akachotsedwa madziwo amatha kudikha mumkono. Mwa amayi asanu ochotsedwa anabele ambiri a m'khwapa, pafupifupi mmodzi zimamuchitikira, nthawi zina patapita miyezi, nthawi zina zaka. Kumayamba mwakachetechete: mphete yathina, dzanja la bulauzi lathina, mkono ukulemera. Kutentha kwa kuno kwa Okutobala ndi Novembala, kopitirira madigiri 40, kumakuwonjezera. Mkono wotero sulimbana bwino ndi tizilombo, choncho kabala ka tsamba la nzimbe, munga wa nsomba kapena pokanda udzudzu pangathe kuyambitsa matenda a pakhungu. Mkono ukafiira, kutentha, thupi n'kumanyong'onyeka, ndi za kuchipatala tsiku lomwelo.

Nanga kumudzi chotupa timachitani nacho? Mukudziwa, bwana, munakulira m'dziko lomwe lino. Timatema mphini n'kupaka mankhwala, kapena kuthowa ndi madzi otentha. Pamkono umenewu lumo ndi khomo lotsegulira matenda, ndipo khungu la pafupi ndi chipsera limakhala ladzanzi moti munthu amapsa osamva. Ndinakumana ndi mayi wina pamzere wa kuchipatala, wochokera kutsidya kwa Shire, mkono wake utatupa ngati mtondo, mphini mbwee kuyambira paphewa mpaka padzanja. Sindinamuseke. Ndikanapanda mwana wa achemwali uja, lumo lomwelo likanandipeza. Mayiyo anali atasiyiratu kuugwiritsa ntchito mkonowo poopa kuti utupiratu, pamene kafukufuku wa ku America wa mu 2009, pa amayi 141 otupa mikono kale, anapeza kuti kunyamula zitsulo moyamba ndi zopepuka n'kumaonjezera pang'onopang'ono, atavala chovala chothina cha pamkono, sikunaonjezere kutupa, ndipo kudzuka kwa vutoli kunachepa.

Ndikudziwa zimene zili pa tebulo lanu. Malungo, kolera, amayi oyembekezera, ana onyentchera, zipatala zimene namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023 anazisiya m'matope. Poyerekeza ndi zimenezo, ife a bere limodzi ndife ochepa ndipo sitifuula, ena mwa ife ngakhale amuna athu sitiwavulira. N'chifukwa chake sindikupempha nyumba yatsopano kapena makina.

Ndikupempha pepala limodzi, la zithunzi, m'Chichewa ndi m'Chisena, lomatidwa m'buku la kuchipatala la mayi aliyense wobwera kuchokera ku opaleshoniyi. Lizinena sabata ndi sabata zimene mkono ungachite, m'chilankhulo cha mjigo, musi ndi khasu, ndipo pakhale mzere wonenepa woti pamkono uwu pasatemedwe mphini. Akatswiri olilemba alipo. Sukulu ya ukachenjede ya zaumoyo ya KUHeS imaphunzitsa akatswiri a mafizo, ndipo kuchipatala cha Kachere mu Blantyre akhala akuphunzitsa anthu kuyenda ndi kugwira kwa zaka zambiri. Koma polemba akhalepo mayi mmodzi kapena awiri amene anasenzapo chidebe ali ndi chipsera pachifuwa.

Pepala lokha silikwana, kafukufuku wa ku Britain uja watiuza kale. Pafunika munthu woona ndi maso kuti mkono wafika pati. Kuchokera ku Nsanje kukafika ku Blantyre ndi makilomita oposa 170, ndipo ndalama ya ulendo mayi amaisungira tsiku la diripi, sangaiwonongere kukaonetsa phewa. Koma mlangizi wa zaumoyo amafika m'mudzi mwake ndi njinga, amadziwa ndi dzina la galu wa pakhomopo. Alangiziwa ataphunzitsidwa tsiku limodzi mafizo asanu kapena asanu ndi amodzi, ndi zizindikiro zotumizira munthu kuchipatala msanga, n'kupatsidwa tepi ya telala yoyezera mikono yonse iwiri pamalo amodzimodzi mwezi ndi mwezi, kutupa kukanamagwidwa kusanafike pa mayi wakutsidya uja. Kusiyana kwa masentimita awiri n'kokwanira kuti munthu akaonedwe. Ndipo galimoto ikamapita kuzipatala zing'onozing'ono ndi katemera kapena mankhwala, pampando umodzi pazikhala wa mafizo, ngakhale kamodzi pa miyezi itatu.

China n'chovutirapo, chifukwa sichigulidwa. Mlangizi akapita kwa mayi wotere, alankhulenso ndi bambo wa pakhomopo ndi apongozi. Mawu oti "masabata asanu ndi limodzi osatunga madzi" akatuluka pakamwa pa wodwala amamveka ulesi. Akatuluka pakamwa pa munthu wa yunifolomu amamveka lamulo. Amuna anga, ndiwayamikire pano, anamangirira zigubu panjinga n'kumapita okha kumjigo, anzawo akuwanena kuti adyetsedwa. Si onse angapirire kunenedwa kotero popanda wina wowalimbitsa.

Mwezi wa Okutobala timavala zapinki, timaguba, timauza amayi kuti azidziyeza mawere ndi kuthamangira kuchipatala akapeza kachotupa. N'zoyenera. Koma amayi a m'mudzi amaona. Akaona mnzawo wabwerako ku opaleshoni mkono uli lende, sakutha kulima, sakutha kuvina utse, banja likugwedezeka, amabisa kachotupa kawo mpaka kataphulika. Ndamvapo ndi makutu anga pa banki m'khonde mayi akunena kuti bola kufa ndi manja awiri.

Panopa tilipo anayi amene tinapezana pamizere ya kuchipatala. Timakumana kwathu Loweruka loyamba la mwezi, dzuwa likapepa, aliyense ndi ndodo yake ndi mzere wake wa khala pakhoma. Mphunzitsi wathu ndi ine, amene maphunziro anga a mafizo ndi a masana amodzi pakhonde. Mmodzi mwa ife dzanja layamba kulemera ndipo ndikuopa kumuuza zolakwika. Mutatitumizira munthu wodziwa, ngakhale ulendo umodzi, mpando tidzabwereka kusukulu.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa Sitandade 4, kuchigwa cha Shire