Lipoti la Nthumwi Yathu ku Istanbul: Chituruki ndi Zilankhulo Zina pa Masamba a Mchezo

Kwa a Wapampando, akomiti ndi mamembala nonse a gulu lathu la olemba ndi omasulira Chichewa,

Ndikupereka lipoti ili monga nthumwi imene munaituma ku msonkhano wa anthu ongodzipereka amene amalemba ndi kumasulira zilankhulo zawo pa intaneti, umene unachitikira mumzinda wa Istanbul m'dziko la Turkey. Ndiyambe ndi kuthokoza chifukwa chondikhulupirira, ndiponso chifukwa cha ndalama zimene munasonkha kuti ulendowu utheke. Munandituma ndi funso limodzi: n'chifukwa chiyani zilankhulo zina zinazika mizu pa masamba a mchezo, pamene chathu, ngakhale chimalembedwa tsiku ndi tsiku pa Facebook ndi pa WhatsApp, sichisiya zolemba zambiri zoti munthu n'kudzazipeza patapita zaka? Zokambirana zambiri zinali za Chituruki, popeza eni mudzi ndiwo anali ochuluka, choncho lipotili latsamira komweko.

Chinthu choyamba chimene ndinazindikira n'chakuti mphamvu imene Chituruki chili nayo pa intaneti inayamba kumangidwa intanetiyo isanabadwe. Mu 1928 boma la Mustafa Kemal Atatürk, pulezidenti woyamba wa Turkey, linasiya zilembo za Chiarabu n'kukhazikitsa zilembo 29 za Chilatini, zosankhidwa kuti liwu lililonse la chilankhulocho likhale ndi chilembo chake. Mu 1932 anakhazikitsa bungwe la Türk Dil Kurumu kuti lizisonkhanitsa mawu ndi kupanga atsopano. Kusinthaku kunali ndi zowawa zake, pakuti mdzukulu wa lero sangathe kuwerenga kalata imene agogo a agogo ake analemba, ndipo anzathuwo sanabise zimenezi. Komabe kunasiya chizolowezi chakuti chinthu chatsopano chikafika, chimapatsidwa dzina la m'chilankhulo chawo ndipo sukulu, nyuzipepala ndi maofesi zimalitenga dzinalo. Kompyuta amaitcha bilgisayar, kuchokera ku mawu awiri otanthauza "chidziwitso" ndi "kuwerengera", ndipo anatiuza kuti mwana wa sukulu ndi nkhalamba ya kumudzi onse amadziwa dzina lomwelo. Pamene masamba a mchezo ankafika, anapeza anthu mamiliyoni ambiri amene amalemba mawu mofanana, ndipo zimenezi zimachititsa kuti munthu akafufuza mawu apeze zonse zimene ena analemba pa nkhaniyo. Ife mawu amodzi timawalemba m'njira zitatu kapena zinayi, motero zimene tinalemba zimamwazikana ngati mapira otayika pabwalo.

Panali kukambirana kwakutali pa zilembo, ndipo ndivomereze kuti kunandikhudza kuposa mmene ndinkayembekezera. Chituruki chili ndi zilembo ç, ğ, ı, ö, ş ndi ü, ndipo chimasiyanitsa i wa kadontho ndi ı wopanda kadontho. M'masiku a mafoni a mabatani, munthu akaika ğ, ı kapena ş mu uthenga wa SMS, uthengawo unkatha pa zilembo 70 m'malo mwa 160, ndiye ankalipira zambiri. Anthu ochuluka anazolowera kuzisiya zilembozo. Koma sizinafe, chifukwa makiyibodi a mafoni amakono anazibweretsa ndipo anthu anayambiranso kuzilemba, mpaka tsopano wolemba popanda izo amaoneka wosasamala. Ndinaimirira n'kuwafotokozera za ŵ wathu, amene ali m'dzina lenileni la Malaŵi, amene nayenso amadula uthenga wa SMS chimodzimodzi ndipo ambiri a ife tinamusiya. Maganizo anga ndi akuti gulu lathu ligwirizane chimodzi pa chilembo chimenechi, kaya kuchisunga kaya kuchisiya, chifukwa kukhala pakatikati ndi kumene kukutiwononga.

Pa za masamba enieniwo, anatikumbutsa kuti anthu a ku Turkey anali ndi bwalo lawolawo Facebook isanayambe. Mu 1999 Sedat Kapanoğlu anayambitsa tsamba la Ekşi Sözlük, limene limaoneka ngati mtanthauziramawu koma aliyense wolembetsa amatha kuikamo maganizo ake pansi pa mutu uliwonse, ndipo zolembazo zimasungika mwa dongosolo la mitu. Kumeneko mbadwo wonse unaphunzira kutsutsana ndi kufotokoza zinthu m'chilankhulo chawo cholembedwa. Mu 2008 Facebook inatsegula njira yakuti ogwiritsa ntchito tsambali azilimasulira okha povotera mawu amene akuona kuti ndi oyenera, ndipo Chituruki chinamasuliridwa chaka chomwecho. Batani losonyeza kuti wakonda chinthu linakhala Beğen. M'zaka zochepa zotsatira dziko la Turkey linali m'gulu la mayiko okhala ndi anthu ochuluka kwambiri pa Facebook. Anatichenjezanso ndi zimene zinachitika mu 2010, pamene kagulu ka anthu kanagwirizana kuvotera mawu otukwana mpaka anaonekera pa tsambalo m'malo mwa mawu oyenera. Phunziro lake kwa ife omasulira n'lakuti kuvota sikulowa m'malo mwa munthu wodziwa chilankhulo amene amaunika ntchito isanatuluke.

Za anthu okhala kunja ndingodutsapo mwachidule. Pangano la mu 1961 lotumiza antchito ku Germany linachititsa kuti lero m'dzikomo mukhale anthu pafupifupi 3 miliyoni ochokera ku Turkey pamodzi ndi ana ndi adzukulu awo. Nthumwi ina yochokera ku Berlin inafotokoza kuti achinyamata ambiri kumeneko sanaphunzire Chituruki m'kalasi, ndipo anayamba kuchilemba pocheza ndi abale pa masamba a mchezo, nthawi zambiri mosakaniza ndi Chijeremani. Abale athu a ku Johannesburg ndi ku Harare angazimve bwino zimenezi.

Gawo limene linatenga nthawi yaitali, ndipo limene ndikupempha kuti mulilingalire mofatsa, ndi la kutsekedwa kwa masamba. Kuchuluka pa tsamba la kampani yachilendo sikutanthauza kuti bwalolo ndi lanu. Lamulo la nambala 5651 la mu 2007 linapatsa boma la Turkey mphamvu zotsekera masamba, ndipo YouTube inatsekedwa kuyambira 2008 mpaka 2010 chifukwa cha mavidiyo amene ankati akunyoza Atatürk. Mu 2013, pa zionetsero zotsutsa boma za ku Gezi Park mumzinda wa Istanbul, anthu ankadziwitsana zochitika pa Twitter pamene mawailesi akanema akuluakulu ankaonetsa zinthu zina, ndipo mu Marichi 2014 Twitter inatsekedwa kwa masabata awiri mpaka khothi loona za malamulo oyendetsera dziko litalamula kuti itsegulidwe. Wikipedia yonse, m'zilankhulo zake zonse, inatsekedwa pa 29 Epulo 2017 ndipo inatsegulidwa pa 15 Januwale 2020, khothi lomwelo litagamula kuti kutsekako kunaphwanya ufulu wolankhula. Mu 2020 kunabwera lamulo lokakamiza makampani akuluakulu a masambawa kukhala ndi owaimira m'dzikomo, mu 2022 kunabwera lina lopereka chilango cha ndende mpaka zaka zitatu kwa wofalitsa nkhani zimene khothi laziona kuti n'zabodza, ndipo mu Ogasiti 2024 Instagram inatsekedwa kwa masiku opitirira sabata. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti olemba Wikipedia ya Chituruki sanaleke m'zaka pafupifupi zitatu zija; ena ankalemba ali kunja, ena pogwiritsa ntchito VPN, njira yozembera kutsekedwa kwa masamba, ndipo lero ili ndi nkhani zoposa 500,000. Yathu ya Chichewa, imene palibe anaitsekapo, ili ndi nkhani zongopitirira pang'ono 1,000. Ndinachita manyazi potchula nambala imeneyi pagulu, ndipo ndikuitchulanso pano chifukwa ntchito imeneyo ili m'manja mwathu.

Mayi wina wochokera kumwera kwa dzikolo anafotokoza za chivomezi cha pa 6 Febuluwale 2023, chimene chinapha anthu oposa 50,000 mu Turkey mokha. Anthu amene anakwiririka m'nyumba zakugwa ankalemba pa Twitter dzina la msewu, nambala ya nyumba ndi chiwerengero cha amene ali nawo, ndipo achinyamata odziwa za makompyuta anasonkhanitsa mauthengawo n'kuwaika pa mapu kuti opulumutsa anthu adziwe kokumba. Ntchitoyo inatheka chifukwa panali kale zida za pa kompyuta zotha kuzindikira Chituruki ndi kutolamo maina a malo. Kenaka pa 8 Febuluwale Twitter inatsekeka m'dzikomo kwa maola angapo, anthu akadali pansi pa zipupa. Pamene mayiyo ankalankhula, maganizo anga anali ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche, kumene Namondwe wa Freddy anatigwetsera tsoka patangotha mwezi umodzi chichitikireni chivomezicho. Nafenso tinkatumizirana mauthenga a Chichewa ofunafuna abale, koma aliyense ankayenera kuwerengedwa ndi maso a munthu, mmodzimmodzi. Kuyambira tsiku limenelo sindionanso nkhani ya kalembedwe kofanana ngati mkangano wa aphunzitsi okha.

Nthumwi za Akurdi zinatikumbutsa kuti m'dziko limodzi chilankhulo chachikulu chimatha kuphimba zinzake. Akurdi ndi mamiliyoni ambiri mu Turkey, koma kwa zaka zambiri chilankhulo chawo chinali choletsedwa m'sukulu ndi pa wailesi, ndipo zilembo q, w ndi x, zimene Chikurdi chimagwiritsa ntchito koma mulibe mu alifabeti ya Chituruki, zinkabweretsa milandu mpaka lamulo litasinthidwa cha mu 2013. Zotsatira zake n'zakuti ambiri amalankhula Chikurdi kunyumba koma pa masamba a mchezo amalemba Chituruki, chifukwa ndicho anaphunzira kulemba. Kwa iwo masambawa asanduka sukulu, ndipo ena amaphunzitsana kalembedwe kudzera m'mavidiyo afupiafupi. Analankhulanso anthu ochokera ku Syria, amene chiwerengero chawo mu Turkey chinapitirira 3 miliyoni nkhondo ya kwawo ili mkati, za magulu a Chiarabu a pa Facebook m'mene amauzana za nyumba, ntchito ndi mapepala a boma. Nditafunsidwa za kwathu, ndinanena chilungamo kuti mu 1968, pamene Chichewa chinakwezedwa kukhala chilankhulo cha dziko, Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi. Pa nkhani imeneyi ife tili pamalo pa Chituruki, ndipo ndikuona kuti ntchito iliyonse imene tingayambe tiyenera kuitanirako anzathu olemba Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe ndi Chisena.

Pa tsiku lomaliza tinakambirana za amene amayang'anira zolembedwa pa masambawa. Anatchula za Myanmar, kumene ofufuza a United Nations ananena mu 2018 kuti Facebook inathandizira kufalitsa chidani pa anthu a mtundu wa Rohingya, pa nthawi imene kampaniyo inali ndi anthu ochepa kwambiri otha kuwerenga chilankhulo cha kumeneko. Makampani amalemba ntchito odziwa Chituruki chifukwa msika wake ndi waukulu ndiponso boma limawapanikiza, koma chilankhulo chopanda msika waukulu chimangosiyidwa ndi makina. Chichewa chinalowa mu Google Translate mu Disembala 2014, koma tonse tikudziwa kuti makina samva zining'a ndi mawu okuluwika amene Mmalawi amagwiritsa ntchito akafuna kunyoza kapena kuopseza mnzake popanda kutchula chinthu m'dzina lake.

Potengera zonsezi ndikupempha komiti kuti iike zinthu zingapo pa ndondomeko ya msonkhano wathu ukubwerawu. Ndikupempha kuti tilembe mndandanda wa mawu a pa foni ndi pa masamba a mchezo amene anthu akugwiritsa kale ntchito, tisankhe kalembedwe kamodzi pa mawu aliwonse, ndipo tikaupereke ku Centre for Language Studies ku Zomba kuti akauunike. Ndikupemphanso kuti membala aliyense azilemba kapena kukonza nkhani imodzi pa mwezi mu Wikipedia ya Chichewa, kuyambira ndi maboma, mitsinje ndi mbewu za kwathu, ndipo pakhale anthu awiri ounika ntchitoyo isanatuluke. Chachitatu, zonse zimene gulu lathu lakhala likulemba pa Facebook zikoperedwe ndi kusungidwa pamalo athuathu, kuti tsamba likadzatsekedwa tisadzataye ntchito ya zaka zambiri.

Anzathu awiri a ku Turkey ndi mmodzi wa Akurdi avomera kutiphunzitsa kudzera pa intaneti mmene amakonzera mindandanda yawo ya mawu, ndipo akudikira kuti tiwauze tsiku. Malisiti a ulendo ndi ndalama zotsala ndapereka kale kwa a msungichuma.

Ine wanu,
Nthumwi ya gulu