Achinyamata athu apatsidwe udindo weniweni kuti aphunzire utsogoleri

Akonzi,

Ndikupempha malo m'nyuzipepala yanu kuti ndidandaule za momwe ife Amalawi okhala kuno ku Johannesburg tikuphunzitsira achinyamata athu utsogoleri. Chimene chazolowereka m'mipingo ndi m'magulu athu othandizana pa maliro ndi kuitana mlendo kuti adzalankhule Loweruka lonse, achinyamata n'kumalemba m'makope, madzulo n'kulandira satifiketi. Lamulungu likafika, buku la ndalama ndi makiyi zimakhalabe m'manja mwa akuluakulu omwe aja, ndipo wachinyamata wa satifiketi uja amatumidwa kukayala mipando.

Dziko limene tikukhalali lili ndi njira imene tingatengerepo phunziro. Lamulo la sukulu la South Africa la 1996 limanena kuti sukulu iliyonse ya boma yokhala ndi ophunzira a giredi 8 kupita m'tsogolo ikhale ndi khonsolo yosankhidwa ndi ophunzira okhaokha, ndipo ophunzira ena amakhala m'komiti yoyendetsa sukulu pamodzi ndi makolo ndi aphunzitsi. Mwana wotere amaphunzira kupempha mavoti, kumvetsera munthu amene sakugwirizana naye, komanso kubwerera kwa anzake kukawafotokozera chifukwa chimene pempho lawo lakanidwira, chimene ine ndimachiona kuti n'chovuta kuposa zonse. Ku African Leadership Academy, sukulu ya ku Honeydew kuno ku Johannesburg imene inatsegulidwa mu 2008 ndipo kunaphunzira William Kamkwamba wa ku Kasungu, ophunzira amayendetsa okha timabizinesi ndi timabungwe pasukulu pomwepo. Ambirife sitingafikitse ana athu kumeneko, koma njirayo siilira ndalama zambiri.

Pempho langa ndi lakuti gulu lililonse lisankhe wachiwiri kwa mlembi ndi wachiwiri kwa msungichuma pakati pa achinyamata, ndipo iwowo ndiwo aziwerenga lipoti la zopereka pamsonkhano ndi kuyankha mafunso a mamembala. Pakagwa zovuta, aziyenda limodzi ndi akuluakulu kukakonza zikalata za malemu, kukambirana mtengo ndi eni galimoto yonyamula thupi kudzera ku Beitbridge ndi Tete mpaka ku Mwanza, ndi kulankhula ndi ofedwa kumudzi.

Ndikudziwa kuti ena akuopa kuti ndalama zingasowe, ndipo mantha amenewo ndi omveka, pakuti ndi ndalama za thukuta la anthu. Magulu akhazikitse lamulo loti ndalama isatuluke popanda anthu awiri kusayina, wamkulu ndi wachinyamata, ndipo akatha msonkhano wamkuluyo azikhala naye pansi kumuonetsa pamene walakwitsa.

Wowerenga wanu,
Rosettenville, Johannesburg