Makamera atsopano mwagula, nanga vidiyo yanga ili kuti?

Kwa a polisi ndi a khonsolo ya mzinda wathu kuno ku Ohio,

Ndaona chithunzi mwaika pa Facebook chija, mabwana atandandalika pambali pa galimoto ya polisi, mano onse pamtunda, eti mwasintha makamera a m'galimoto zonse ndipo umboni uzisungidwa pa cloud, malo osungira zinthu pa intaneti. Zikomo, tanyadira. Ndiye tandiuzeni, vidiyo yanga ili kuti?

Ndalemba m'Chichewa dala. Chizungu ndinayankhula pawindo panu paja chinangopita pachabe, makompyuta anu atsopanowo akumasulireni.

Cha kumayambiriro kwa nyengo yotentha kuja munthu anandigunda pa maloboti, iyeyo atadutsa nyali yofiira. Galimoto yanu inali kumbuyo kwanga kwenikweni. Wapolisi anayatsa nyali pomwepo, ndipo makamera amenewa nyali zikangoyaka amasunganso masekondi angapo a zomwe zachitika kale. Ndiye kuti ngozi yonse inajambulidwa. Koma tikiti anapatsa ine, $185.

Nditapempha vidiyoyo munathamangira kundiwerengera lamulo lomwe bwanamkubwa wa Ohio, a Mike DeWine, anasaina mu Januwale 2025, lokulolani kulipiritsa mpaka $75 pa ola pokonza vidiyo, kuphimba nkhope za anthu ndi zina zotero, osapitirira $750. Munati yangayo ndi ya maola awiri, ndiyambe ndalipira $150. Ndinalipira tsiku lomwelo. Lisiti ilipo.

Papita masabata, kaya atatu kaya anayi, pafoni akuti bwerani Lachinayi. Ndinasiya shifiti kunyumba yosamalira okalamba komwe ndimagwira ntchito, $136 yapita. Galimoto ili kugalaja, ndiye Uber, $23.40 kupita kokha.

Mayi ndinawapeza pawindo aja! Moni wanga anagwera pansi. Maso pafoni, dzanja lina m'pepala la tchipisi. Dzina langa ndinawatchulira chilembo chimodzichimodzi katatu, kachitatuko anatembenukira mnzawo n'kuseka, akuti kodi zilembo zonsezi ndi dzina la munthu mmodzi? Ine mayi wa ana atatu nditangoti njoo ngati mwana wolakwa pamaso pa ahedi. Kenako anagogoda kompyuta pang'ono n'kuti vidiyoyo inali pa seva yakale, kompyuta yosungira mafayilo, posamutsira ku makina atsopano mafayilo ena sanawoloke. Ndinafunsa za $150 yanga. Anakweza mapewa n'kuitana munthu wa kumbuyo kwanga. Pepani ngakhale mmodzi, ayi ndithu.

Abale anga akumudzi muli kunoku, tandithandizeni kuganiza. Munthu alandire ndalama ya maola awiri okonzera vidiyo, vidiyo yake palibe, ndiye anakonza chiyani? Ku Limbe wogulitsa akakupatsa bokosi lopanda kanthu timadziwa dzina lake. Kunoku ali ndi yunifolomu ndi lisiti yodinda bwino. Ndipo tikiti ija yokha inawoloka bwinobwino kupita ku makina atsopanowo, kalata yondikumbutsa tsiku la kukhoti inafika osachedwa. Makina anzeru zedi, odziwa kusankha chotaya.

Umenewu ndi umboni, si zithunzi za paukwati. Amene akusamutsa umboni amayamba waonetsetsa kuti zonse zafika asanazimitse seva yakale. Ngati yanga inasowa, ndi za anthu angati zasowa, ena milandu yawo ili yoti akhoza kumangidwa nayo?

Ndikufuna vidiyo yanga. Ngati munaitayadi, mundilembere kalata yosainidwa yonena zimenezo ndikaonetse woweruza ndi a inshulansi, ndipo $150 ibwerere yonse. Mayi aja muwauze kuti dzina langa analiseka lija alizolowere, aliwerenganso. Likafika Lachisanu muli chete, ndikasuma ku Court of Claims ku Columbus, khoti lomva madandaulo a anthu omanidwa zikalata ndi mavidiyo a boma, n'kongolipira $25 basi, ndipo pamsonkhano wa khonsolo ukubwerawu ndidzaima pa maikolofoni ndi lisiti ili m'manja.