Chilengezo: Tikumane Loweruka pa nkhani ya makampani akunja a intaneti

Mamembala nonse, okonza mafoni, a m'mabenchi a Airtel Money ndi Mpamba, komanso inu a makompyuta,

Loweruka lino tikumana pamalo athu aja pa boma la Dedza, 9 koloko m'mawa. Nkhani ndi imodzi: makampani akunja a intaneti ndi makompyuta akuthamangira misika ya mu Africa muno, nanga ife tidyapo chiyani?

Sizachilendo ayi. Airtel ndi ya ku India, inagula nthambi za mu Africa za kampani ya mafoni ya Zain mu 2010. Starlink, kampani ya intaneti ya Elon Musk, inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023 italandira chilolezo ku MACRA, bungwe la boma loyang'anira za mafoni ndi mauthenga. Chimawakoka ndi unyinji wa anthu amene intaneti sinawafikebe, komanso ndalama za pafoni, zomwe zafalikira kwambiri chiyambireni M-Pesa ku Kenya mu 2007. Komatu munthu wokhala mu ofesi ku London sangadziwe kuti mayi wogulitsa kachewere pa Lizulu ali ndi kafoni ka mabatani, ndipo amatchajitsa kwa wometa tsitsi magetsi akayaka. Makampaniwa amasowa anthu oika zida, okonza zikawonongeka, ndi ofotokozera makasitomala m'Chichewa. Ntchito zimenezi n'zathu.

Ndichenjezeretu. Chaka chatha kampani ina inatituma kukalemba mayina ndi manambala a alimi ku Bembeke. Ine ndinathera mafuta a njinga yamoto, nsapato zili matope okhaokha, koma mpaka lero ngakhale tambala sindinaione. Ulendo uno tigwirizane mitengo yathu, ndipo popanda pangano lolembedwa palibe kunyamuka.

Amene munalembetsa bizinesi bwerani ndi chitupa chake. Jekete musaiwale, holo ija imazizira.

Mlembi