Asanamize anthu, ndalama zolipira osewera a ku yunivesite zilipo

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani yomwe yavuta kuno ku America komwe ndimakhala, yoti mayunivesite azilipira ophunzira omwe amasewerera timu ya sukulu, makamaka mpira wachiamerika uja ndi basketball. Akuluakulu ena akulira kuti ndalama palibe, koma ine zimenezo sizikundilowa ayi.

Mu 2023 yunivesite ya Texas A&M inachotsa ntchito kochi wake Jimbo Fisher ndipo inayenera kumulipira madola oposa 75 miliyoni, munthu woti sakuphunzitsanso timuyo. Ku yunivesite ya Michigan stediyamu yawo imalowa anthu oposa 107,000 ndipo imadzadza, aliyense walipira tiketi, kuwonjezera apo ndalama za ma TV, ndiye lero ukamatiuza kuti thumba lauma ukufuna tikhulupirire bwanji?

Mwana wa mnzanga wa ku tchalitchi ankasewera pa yunivesite ina kuno. Kudzuka 5 koloko m'mawa kupita ku jimu, kenako kalasi, masana mapulakatisi, weekend ali pa ulendo, nthawi yogwira kaganyu ngati anzake analibe olo pang'ono. Chaka chachitatu bondo linawonongeka, mpira unathera pompo, mpaka pano akamakwera masitepe amagwirira khoma. Inde sukulu fizi ankamulipirira, sindikukana, koma ndi thupi lakelo lomwe linkabweretsa anthu ku stediyamu.

Mu June 2025 jaji Claudia Wilken anavomereza mgwirizano pa mlandu wotchedwa House womwe osewera anasumira NCAA, bungwe loyang'anira masewera a m'mayunivesite, masukulu analoledwa kuti iliyonse ikhoza kugawira osewera ake mpaka madola 20.5 miliyoni chaka choyamba, ndipo omwe anasewera kale adzagawana pafupifupi 2.8 biliyoni m'zaka 10. Masukulu ang'onoang'ono sangakwanitse, zoona, koma palibenso akuwakakamiza kulowa nawo.

Chomwe chikundidetsa nkhawa nchoti akuluakuluwa m'malo motsitsa malipiro a makochi ndi kusiya kumanga ma jimu apamwamba adzathamangira kutseka timasewera tosabweretsa phindu monga kusambira, tenisi ndi kuthamanga. Yunivesite ya Stanford inalengeza mu 2020 kuti itseka mitundu 11 ya masewera, anthu anakwiya kwambiri mpaka mu 2021 inabweza ganizo lija ndipo onse anapitirira. Mwana wanga wamkazi amathamanga ku sekondale ndipo akudalira njira yomweyi kuti apeze sikolashipu, ndiye nkhaniyi ndikuyitsatira tsiku ndi tsiku.

Kholo lokhudzidwa,
Indiana, USA