Lipoti la msonkhano wa makina ovotera umene munanditumako ku Braamfontein, mumzinda wa Johannesburg ku South Africa

A Wapampando, a Mlembi, amayi ndi abambo nonse a m'gulu lathu, moni. Ndalemba lipotili kuti anzathu amene amagwira ntchito Lamlungu awerenge okha, asamve za m'maluwa.

Ndiyambe ndi ndalama, poti ena anayamba kufunsa ndisananyamuke n'komwe. Munandipatsa R700. Yolowera pamsonkhano inali R400, taxi ya masiku awiri kuchokera ku Rosettenville R88, chakudya chamasana R110, ndipo R60 ndinasindikizira mapepala amene ndabwera nawo. R42 yotsala ndabweza kwa a Msungichuma pamodzi ndi malisiti. Kuchoka m'tauni kupita ku Braamfontein ndinkayenda wapansi kudzera pa mlatho wa Nelson Mandela. Kuntchito andidula malipiro a masiku awiriwo, ndipo sindikupempha kuti gulu lindibwezere.

M'mawa wa tsiku loyamba unathera malonje ndi zokamba za malamulo ogulira katundu wa boma. Zimenezo zili m'mapepala.

Chimene chandilembetsa lipoti lalitali chinachitika masana. Mtsikana wina, katswiri wa makompyuta, anaika makina awiri patebulo n'kutiuza tonse 40 kuti tisankhe pakati pa mango ndi nthochi. Tinayamba ndi kukweza manja: mango 26, nthochi 14. Kenako tinafola, aliyense n'kukadina batani pa makina oyamba. Ine ndinadina mango, galasi linandionetsa mango, mtima unakhala pansi. Zotsatira zitatuluka, nthochi zinapambana ndi 22, mango 18. M'chipindamo munangoti zii. Mtsikanayo anatiuza kuti usiku anasintha pang'ono pulogalamu ya m'katimo, ndipo anatipempha kuti amene angathe atulukire pamene pabedwa. Tinawazungulira makinawo, ena kuwatembenuza, koma panalibe chogwira. Makina achiwiri anali obera chimodzimodzi, kungoti ukadina ankasindikiza kapepala, iwe n'kukaona kuseri kwa galasi, kenako n'kugwera m'bokosi lotseka. Titatsegula bokosilo n'kuwerenga pamanja tinapeza mango 26. Mbava inagwidwa ndi kapepala kochepa ngati lisiti ya pa Shoprite.

Nthawi yonseyo ine maganizo anali kumudzi, pa chisankho cha pa 21 May 2019. Tonse tikukumbukira madando aja, ndi mapepala a zotsatira opakidwa tipekisi. Tinkachita nazo manyazi pamaso pa anzathu a kuno. Koma abale, tipekisi ija inali papepala, ndiye chifukwa chake inaoneka. Mamonitala anasunga makope awo, maloya anawanyamula kupita nawo kukhothi, oweruza asanu anawaona ndi maso, ndipo pa 3 February 2020 anathetsa chisankho cha pulezidenti. Khothi la apilo linavomereza, anthu n'kuvotanso pa 23 June. Kusinthako kukadachitikira m'mimba mwa makina opanda pepala, maloya aja akadanyamula chiyani? Funso limeneli ndinalifunsa pamsonkhanopo, ndipo bambo wina wa ku Namibia ndi amene anandiyankha ndi nkhani ya kwawo.

Namibia ndi dziko loyamba mu Africa kuvota ndi makina m'dziko lonse, mu 2014, makina ogula ku India. Chitatha chisankho cha 2019, Panduleni Itula, amene anapikisana nawo pa upulezidenti n'kuluza, anakasuma. Mu February 2020 khothi lalikulu linati kunali kulakwa kugwiritsa ntchito makina opanda pepala lotsimikizira voti, komabe silinathetse zotsatira. Taonani msamphawo: woluza amafunika umboni, pamene makinawo sasiya umboni. Lero a ku Namibia anabwerera ku mapepala. Ku Germany khothi linagamula mu 2009 kuti munthu wamba, wosaphunzira za makompyuta, azitha kutsatira m'mene voti yake yawerengedwera, ndipo makina anaikidwa pambali. Ku India, kumene makina anakhazikika, anawonjezera kapepala kaja, ndipo kuyambira 2019 amawerenga pamanja timapepala ta malo ovotera asanu m'dera lililonse la phungu wa chigawo.

Tsiku lachiwiri linali la kauniuni wa pambuyo pa chisankho, ndipo apa ndinasintha maganizo amene ndinapita nawo. Ndinkaganiza kuti kauniuni aliyense ndi wabwino. Si choncho. Ku America mu 2020, chigawo cha Georgia chinawerenganso pamanja mavoti pafupifupi 5 miliyoni, mbali zonse zikuyang'ana, ndipo Joe Biden anakhalabe patsogolo ndi mavoti pafupifupi 12,000. Ku Arizona, m'dera la Maricopa, aphungu a chipani choluza anapereka ntchitoyo kwa kampani ya Cyber Ninjas, imene inalibe luso la za zisankho. Patapita miyezi, nawonso anapeza kuti Biden anapambana, koma makina amene anawagwiragwira anakanidwa kuti asagwirenso ntchito, chifukwa palibe akanalumbira kuti sanasinthidwe. Ndiye owunika azidziwika chisankho chisanachitike, njira yake ilembedwe, makina akhale ndi loko ndi chidindo, ndipo aliyense wowakhudza azisaina. Kusankha owunika mutaluza kale ndi kufuna munthu wokuvomerezani mkwiyo wanu.

Za ku Kenya munazimva: mu 2017 bungwe la chisankho silinatsegule ma server (makompyuta osungira zotsatira) monga khothi linalamulira, chisankho n'kuthetsedwa pa 1 September. Mkulu wa za makompyuta wa bungwelo, Chris Msando, anaphedwa patangotsala masiku ochepa kuti anthu avote. Atamutchula, palibe anayankhula kwa kanthawi. Za ku Brazil ndi ku Congo anangodutsamo, nthawi itatha.

Kwathu timavotabe papepala. Zipangizo za kampani ya Smartmatic zimene zinautsa mkangano chisanafike chisankho cha pa 16 September 2025 zinali za kalembera ndi kutumiza zotsatira. Zipani zotsutsa panthawiyo zinalimbikira kuti akatswiri oima paokha aziwunike. Ine ndikuti pempholo linali labwino, ndipo likadali labwino lero pamene ena mwa opemphawo ali m'boma. Ndikudziwa kuti m'gulu lathu muli a zipani zosiyana, koma amene anakuwa chaka chijachi asakhale chete chifukwa choti zinawayendera.

Apa ndiye ndinene za ife eni. Chisankho cha komiti yathu mu January tinachita pa WhatsApp, aliyense kutumiza voti yake ku nambala imodzi. Mwini nambalayo ndi mlamu wa mmodzi mwa amene ankapikisana. Titapempha kuti tione mauthengawo, tinauzidwa kuti foni inadzaza, anawafufuta. Sindikunena kuti munthu anaba. Ndikunena kuti ngakhale iyeyo sangathe kudziyeretsa, chifukwa anatsala ndi mawu ake okha, ngati makina oyamba aja. Ine ndinatchulidwa wansanje pomwe ndinadandaula, ndipo ena mpaka lero sandipatsa moni kutchalitchi. Buku la ndalama za maliro nalo latha zaka ziwiri osawunikidwa. Thupi la mnzathu uja linakhala kumotchale milungu itatu, mkazi wake akulira kumudzi, ife tikusonkhanso za galimoto pamene aliyense amapereka mwezi ndi mwezi. Tikafunsa, yankho ndi lakuti tisanyozetse akuluakulu. Khoswe wakhala pamkhate, ndipo tonse tikuopa kuswa mkhatewo. Tingakalembe bwanji kalata yopempha bungwe loyendetsa zisankho la MEC kuti litsegule zipangizo zake, ife buku la masamba 96 tikulephera kulitsegula?

Msonkhano wa ku Braamfontein uja unagwirizana zoti makina alionse ovotera azisiya pepala loti wovota aone, ndiponso kuti kuwerenganso pamanja malo ena osankhidwa mwamaere kuzichitika chisankho chilichonse, ngakhale popanda wodandaula. Zimenezi ndinavomera ndi manja awiri. Chimene ndinakana ndi ganizo lakuti okhala kunja tizivota pa foni. Ndikudziwa kuti ambiri munandituma ndi chiyembekezo chimenechi, chifukwa kuti tivote timayenera kukwera basi kawiri, kukalembetsa ndi kukavota, kudutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza. Anatchula Estonia, kumene amavota pa intaneti kuyambira 2005. Koma ganizirani m'mene timakhalira kuno: anthu anayi chipinda chimodzi, foni yobwerekana, ena SIM card inalembetsedwa m'dzina la munthu wina. Mayi adzavota mwamuna wake ataima kumbuyo. Wina adzagulitsa voti yake ndi R100 wogulayo akuona. Eni dziko lino akakhala kunja amakavota papepala ku ofesi za akazembe awo. Ifenso tipemphe chimenecho: bokosi ku ofesi ya kazembe wathu ku Pretoria, mamonitala a zipani zonse alipo, mavoti awerengedwe pomwepo. Ganizo la foni linadutsabe ndi mavoti ochuluka, ndipo ndinapempha kuti alembe kuti nthumwi yanu inakana. Ngati ndinakuyankhulirani molakwa, mudzandiuze pamaso.

A Mlembi, chonde ikani mfundo ziwiri pa ndondomeko ya Lamlungu likudzali: tisankhe anthu atatu osakhala m'komiti oti awunike buku la maliro, ndipo tigwirizane kuti chisankho chotsatira chidzakhale cha mapepala ndi bokosi, kuwerengera patebulo tonse tikuona. Mapepala a kumsonkhano ndawasiya kwa inu, alipo makope anayi. Bokosi ndidzabweretsa ine.